Luso lopalasa njinga m'misewu ya kwathu kuno

Aliyense amene anapalasapo njinga kuchokera ku Insaca kupita ku Entre Lagos, kapena kutsikira ku nyanja ya Chiuta kukapikula nsomba, akudziwa kuti misewu ya kuno ku Mecanhelas si yosewera nayo. M'chilimwe ndi mchenga wokhawokha, m'dzinja ndi matope a makande omata ngati ulimbo. Koma kodi awerengi mukudziwa kuti kumaiko ena anthu amachita kufunafuna dala njira zoterezi kuti apikisanemo mpaka kulandira mendulo?

Masewerawa anayambira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ena monga Gary Fisher ndi Joe Breeze ankatola njinga zakale zolemera n'kumatsetsereka nazo m'mapiri. Mpikisano wawo umene unayamba mu 1976 anautcha Repack, kutanthauza kupakiranso, chifukwa buleki inkatentha mpaka girizi kupserera, ndipo akafika m'munsi ankayenera kuthiramo wina. Pambuyo pake panabwera mpikisano wotchedwa cross country, wozungulira njira ya zitunda, miyala, mizu ndi matope kwa pafupifupi ola ndi theka. Unalowa m'masewero a Olympics mu 1996 ku Atlanta, komwe Bart Brentjens wa ku Netherlands ndi Paola Pezzo wa ku Italy anapambana. Mu 2024 mnzathu wa mu Africa muno, Alan Hatherly wa ku South Africa, anakhala wachitatu ku Paris, ndipo chaka chomwecho anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Andorra.

Zoona, njinga zawo ndi zopepuka, za magiya ambiri, pamene zathu zambiri ndi zija zopanda giya, zosenza thumba la chimanga kapena dengu la matemba pakaliyala. Komabe zimene iwo amaphunzitsidwa poyamba ndi zomwezo zingathe kupulumutsa miyendo yathu ndi katundu wathu yemwe.

Tiyambe ndi mabuleki, chifukwa apa mpamene pagona vuto. Mukayang'ana njinga zoimikidwa pamsika mupeza kuti zingapo zilibe buleki yakutsogolo. Ena anaichotsa dala poopa kuti iwagudubuza, ena inangothyoka osaikonzanso, ndiye amaimitsa njinga popondetsa patapata pa tayala. Kumeneku n'kudziika dala pangozi. Munthu akagwira buleki, kulemera konse kumakankhikira kutsogolo, tayala lakutsogolo n'kukanikizika pansi, lakumbuyo n'kupepuka. N'chifukwa chake buleki yakumbuyo payokha imangokhwekhwereza tayala njinga ikupitabe, pamene yakutsogolo ndiyo ili ndi mphamvu zambiri zoimitsira. Chimene chimamuponya munthu pamwamba pa handulo ndi kuigwira mwadzidzidzi ndi mphamvu zonse. Akatswiriwo amafinya mabuleki onse awiri pang'onopang'ono, uku akusunthira thupi kumbuyo kwa chishalo, zigongono zitapindika pang'ono. Ndipo liwiro amalichepetsa asanafike pokhota, osati ali kale pakati pa kona. Pamchenga ndi poterera pokha ndiye yakutsogoloyo igwiridwe mofatsa kwambiri, chifukwa tayala lakutsogolo likatsetsereka palibenso cholankhula.

Palinso china chimene ambiri timaiwala nthawi ya mvula. Limu yachitsulo ikanyowa, marabala a buleki sagwira msanga. Mukangowoloka madzi finyani mabuleki pang'ono uku mukupalasa kuti limu iume, musanafike potsetsereka. Marabala atsopano mtengo wake ndi wochepa kusiyana ndi ulendo wopita kuchipatala ku Cuamba ndi mkono wothyoka.

Za maso sitichulukitsa. Njinga imapita kumene mwini wake akuyang'ana. Mukapenyetsetsa dzenje kapena chitsa, muchigunda ndithu. Yang'anani patsogolo, pamene mukufuna tayala lidutse.

Nanga mchenga? Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo panjinga tinene kuti n'kuyambira usanalowemo. Lowani muli ndi liwiro ndithu, osaleka kupalasa, thupi likhale chakumbuyo kuti tayala lakutsogolo lisamire, handulo osaikhotetsa mwamphamvu. Ochita mpikisano amachotsako mpweya m'matayala kuti agwire bwino pansi. Nzeru imeneyi ndi yabwino kwa woyenda wopanda katundu, koma ine sindingamulangize choncho wosenza thumba la makilogalamu 50. Tayala lofewa likagunda mwala, limu imatsina chubu, ndiye ulendo wathera pomwepo.

Katunduyo naye amangidwe molimba, motsika ndiponso moyandikira chishalo. Akatalika kapena kulendewera kumbuyo kwa kaliyala, tayala lakutsogolo limanyamuka pokwera chitunda, ndipo thumba likamagwedezeka limakokera njinga kumbali. Pamene pavuta tsikani mukankhe. Anyamata ena amaona ngati n'zochititsa manyazi, chikhalirecho ngakhale akatswiri aja amatsika n'kuthamanga nayo njinga m'manja matope akachuluka.

Chinthu chimodzi chimene tili nacho ife, chimene kumipikisanoko kulibe, ndi njanji. Njanji yochokera ku Cuamba imadutsa m'boma lathu lino kukalowa m'Malawi pa Nayuchi, ndipo mumadutsa sitima zazitali zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala. Chitsulo cha njanji chimaterera, makamaka m'mawa kukagwa mame, ndipo tayala likachipeza cham'mbali limatsetsereka kapena kukodwa pampata. Chidutseni molunjika, tayala lipingase chitsulocho, mutadzuka pang'ono pachishalo, osagwira buleki muli pamwamba pake. Ngati mwasenza katundu kapena mwanyamula munthu, imani, yang'anani uku ndi uku, muwoloke mukukankha. Sitima yodzaza malasha siingathe kuima msanga ngakhale woyendetsa atakuonani muli patali, ndipo thumba likagwera pakati pa njanji sitima ikubwera, lisiyeni pomwepo.