Alendo osaitanidwa m'kati mwa Outlook

Outlook ikamachedwa kutseguka m'mawa, ambiri m'maofesi amathamangira kudandaula za netiweki, ena amati kompyuta yalowa vayirasi. Ife okonza makompyuta timayamba tayang'ana kwina: timapulogalamu ting'onoting'ono totchedwa add-ins, timene timadziphatika pa Outlook n'kumadzuka nayo limodzi nthawi iliyonse ikatsegulidwa.

Nthawi zambiri mwini kompyuta sadziwa n'komwe kuti tinalowa liti. Akaika Adobe Acrobat, imabwera ndi kake kosandutsira makalata kukhala PDF. Zoom ndi Teams zimaika mabatani okonzera misonkhano. iCloud ya Apple ili ndi kake, ndipo mapulogalamu ambiri oteteza ku mavayirasi amaikanso kawo kofufuza makalata obwera. Kalikonse pakokha kali ndi ntchito, koma tikachuluka Outlook imakhala ngati minibasi yodzaza mopitirira muyeso pa chitunda.

A Microsoft amalidziwa vutoli. Kuyambira pa Outlook 2013, pulogalamuyi imayeza nthawi imene kalikonse kakutenga podzuka, ndipo kamene kazolowera kupitirira sekondi imodzi imakazimitsa yokha n'kuika chenjezo pamwamba. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amangodina kuti kayatsidwenso osawerenga dzina lake.

Kupeza wolakwa n'kosavuta. Munthu akagwira batani la Ctrl uku akutsegula Outlook, imalowa mu Safe Mode, momwe timapulogalamuti sitidzuka. Ikathamanga bwino mmenemo, nkhani yadziwika. Kenako amapita ku File, Options, Add-ins, ndipo pansi pamene palembedwa Manage amasankha COM Add-ins n'kudina Go. Apo amazimitsa kamodzikamodzi, akutseka ndi kutsegulanso Outlook, mpaka kovutitsako kaonekere.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Kuchotsa kachizindikiro pa bokosi n'kuzimitsa chabe. Kapulogalamuko kadakali m'kompyuta, ndipo pulogalamu imene inakabweretsa ikalandira update kakhoza kudzukanso. Wofuna kuti kachokeretu ayenera kupita ku Settings ya Windows, pa Apps, n'kuchotsa pulogalamu imene inakabweretsayo, kapena kuzimitsa mbali ya Outlook m'kati mwa pulogalamuyo. Pa makompyuta a ku ofesi, tina timakana kuchoka chifukwa tinaikidwira ogwiritsa ntchito onse, ndipo pamafunika chilolezo cha administrator. Pamenepo afunsidwe a IT. Koteteza ku mavayirasi nakonso kasazimitsidwe mwachisawawa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine kuposa kuchedwa ndi chinsinsi cha makalata. COM add-in imagwira ntchito ndi mphamvu zonse za mwini akaunti, choncho ikhoza kuwerenga makalata a malipiro, mapangano, ngakhale mndandanda wonse wa anthu amene amalemberana nawo. Kapulogalamu kamene munthu sakudziwa kumene kanachokera sikayenera kupatsidwa ufulu woterowo ngakhale tsiku limodzi.

Ogwiritsa ntchito Thunderbird, pulogalamu inanso ya makalata, njira yawo ndi yaifupi: pa Add-ons and Themes pali Remove, ndipo kugwira Shift poitsegula kumazimitsa zowonjezera zonse kwa kanthawi. Mu 2020, Thunderbird 78 inasiya kulandira zowonjezera za mtundu wakale. Microsoft nayo yatsata njira yomweyo: Outlook yatsopano ya pa Windows silandiranso COM add-ins, imangolola zodutsira pa intaneti, zimene zimanena chilolezo chimene zikufuna zisanaikidwe. Koma m'maofesi ambiri Outlook yakale ndi imene ikugwirabe ntchito, choncho mndandanda wa COM Add-ins uyenera kumatsegulidwa ndi kuwerengedwa dzina ndi dzina.