Mphepo ya Ogasiti nayo imaika mtengo pamsika

Mukafika pa Lirangwe m'mamawa mwezi uno, mupeza amayi a masamba atafunda zitenje ziwiriziwiri, miyala itatsamira pa ngodya za mapepala oyalapo katundu. Pofika masana dzuwa lawala, koma fumbi likuzungulira m'mabenchi, kulowa m'mandasi, m'nyemba ndi m'maso mwa wogula. Ambiri amangoti ndi nyengo yake, ipita. Ipitadi, koma ikamapita imatenga phindu la amene sadaikonzekere. Mphepo imene ikukupizani malaya pa Chileka ndi yomweyo imene ikukweza mtengo wa usipa ku Limbe, ndipo wamalonda woidziwa amayamba kuwerengera ena asanadzidzimuke.

Tiyambe ndi komwe imachokera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mpweya wozizira ndi wachinyontho umachokera kunyanja ya mchere ya India, kumwera chakum'mawa, n'kudutsa Mozambique. Ukagunda mapiri a Mulanje, Thyolo ndi zitunda za Blantyre umasanduka nkhungu ndi mvula yowaza ija timati chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Mpweya womwewo ukafika pa nyanja ya Malawi ndiye mwera. Kuno kwathu tili kumunsi: bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Limbe ndi Bvumbwe zapitirira mamita 1,000. N'chifukwa chake nthawi zambiri ku Limbe kumawaza tsiku lonse, pamene pa Lirangwe pangodutsa mitambo ndi mphepo youma. Kusiyana kumeneku ndi ndalama kwa wodziwa kukugwiritsa ntchito.

Choyamba ndi nsomba. Usipa wambiri umene timagulitsa kuno umachokera ku Mangochi ndi madoko ena a kunyanja, ndipo asodzi amaupha usiku ndi nyali. Mwera ukakula, mabwato ndi maboti amakhala pagombe, chifukwa mafunde ake amiza anthu ambiri. Mwezi ukakhala wowala, usipa sutsata nyali bwino. Ziwirizi zikakumana sabata imodzi, nsomba zimachepa kugombe, ndipo pakapita masiku ochepa kuchepako kumafika ku msika wa Limbe komwe ambiri timapikula. Choncho mukamva pa wailesi nthambi yoona za nyengo ikuchenjeza asodzi za mwera, musati n'za anthu a kunyanja. Uthengawo ndi wanu. Ngati mpamba ulipo, pitani mukaode tsiku lomwelo kapena mawa lake, mtengo usanasunthe.

Koma samalani ndi nsomba yooda tsiku la chiperoni. Usipa wouma umakoka chinyontho msanga. Pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, musangoona wapamwamba. Wouma bwino umathyoka, wonyowa umapindika ndipo fungo lake limakhala lolemera. Tiyerekeze kuti ndowa imodzi imakupatsani milu 50 ndipo phindu lanu lili pa milu 10 yomaliza. Milu 5 ikachita nkhungu kapena kufumbutuka, theka la phindu lapita musanalipire ya minibasi ndi chiphaso cha msika. Mwayi wathu kuno ndi dzuwa. Mukafika nawo kunyumba uyanikeni pa mphasa maola angapo, pamalo okwera, mutaphimba ndi neti yoyera kuti ntchentche ndi fumbi zisafikepo. Musausunge m'jumbo yomanga, umachita thukuta.

Chachiwiri ndi za kudimba. Kukazizira tomato amachedwa kupsa, ndipo kumadera a nkhungu amagwidwa ndi chiwawu, masamba n'kuda ngati owauka. Apa ndi pamene basiketi imavuta kupeza. Kukayamba kutentha mu Sepitembala, madimba ambiri amapsa nthawi imodzi ndipo kawirikawiri mtengo umatsika. Wolima amene tomato wake wayamba kufiira pano asadikire kuti adzadze ngolo, atulutse pang'onopang'ono msika uli ndi njala. Wopikula asaode wambiri kumapeto kwa mwezi ndi mtengo wa pakati pa mwezi. Za mpiru, repu ndi chayinizi, mdani wake ndi mphepo kuposa dzuwa. Masamba othyoledwa m'mawa amafota pofika 10 koloko ngati ali poyera. Aphimbeni ndi chiguduli chonyowetsa ndi madzi aukhondo, ndipo muziika pabenchi mipukutu yochepa, yotsalayo ikhale m'dengu pamthunzi. Kudimba nako, thirirani m'mawa kwambiri kapena madzulo mphepo itagona, ndipo yalani udzu m'mabedi kuti chinyontho chisathawe.

Chachitatu ndi kaunjika. Majuzi, majekete, zipewa ndi mabulangete zinali ndi msika mu Juni ndi Julayi. Masiku ake atsala owerengeka. Kutsegula belo la majekete pano n'kumangirira mpamba mpaka Meyi wa chaka chamawa, ndipo njenjete ndi makoswe sizidikira. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tsiku limene kwadzuka chiperoni, tulutsani zotsala zonse, muziike kutsogolo, mutsitseko pang'ono, zipite. Ndalamayo ikagule zovala zopepuka, masiketi, malaya ndi nsapato za ana, poti sukulu zitsegulira mu Sepitembala ndipo kutentha kuli pakhomo.

Chachinayi chikukhudza amene amadikira katundu wa ku Joni. Ife chipale chofewa, madzi oundana ogwa ngati ufa aja, timangochiona pa foni, koma chimatha kutseka msewu umene katundu wathu amadzera. Pa 10 Julayi 2023 chidagwa mumzinda wa Johannesburg, koyamba kuchokera mu 2012. Chaka chotsatira, pa 20 ndi 21 Sepitembala 2024, anthu akuganiza kuti dzinja la kumeneko latha, chidagwa chambiri pa Van Reenen's Pass, pamsewu wa N3 wolumikiza doko la Durban ndi Johannesburg. Msewu udatsekedwa, magalimoto ndi mathiraki ambiri adagona pamenepo, ndipo padatayika moyo chifukwa cha kuzizira. Thiraki yochokera ku Durban imadzera pomwepo isanalowere ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza ndi Zalewa, n'kudutsa pa Lirangwe pathu pano kupita ku Blantyre. Ngati mwaitanitsa katundu miyezi ino, musalonjeze kasitomala tsiku lenileni, ndipo musatenge ngongole ya kubanki m'khonde yoti mudzabweze ndi katundu amene akadali panjira. Siyani mpata wa sabata. M'bale amene akukwera basi kukaoda asasiye jekete poona kuti kuno kwayamba kufunda.

Chomaliza ndi benchi lenilenilo. Kumapeto kwa Ogasiti nthaka yauma, masana kwayamba kutentha, ndipo akamvuluvulu amadzuka mosachenjeza. Lata losakhomedwa bwino limauluka ngati chikwanje. Onani misomali ndi mawaya a denga lanu lero, osati tsiku la msika. Miyala yotsamiritsa pamwamba pa malata ndi ngozi kwa ana odutsa pansi. Ogulitsa tchipisi, kanyenya ndi chimanga chootcha aike chiwaya ndi mbaula kumbali kumene mphepo ikulowera, kutali ndi mapepala, udzu ndi zovala za anzawo, ndipo poweruka azime makala ndi madzi, asangokwirira ndi phulusa. Moto wa pamsika sufunsa mwini mbaula, umadya mzere wonse. A mandasi, zitumbuwa ndi zigumu asunge katundu m'ndowa yotseka yoonekera mkati. Wogula akaluma mchenga kamodzi sabweranso, ndipo sakuuzani chifukwa chake. Komanso m'mawa wozizira ndi msika wa tiyi, mbatata yophika ndi chinangwa, makamaka kwa akabaza ndi onyamula katundu amene amalawirira.

Zonsezi sizifuna mpamba watsopano. Zifuna khutu pa wailesi, diso pa mwezi ndi kope. M'kope lanu la malonda onjezani mzere umodzi: pambali pa mtengo umene mwaodera, lembani mmene kunja kunachera tsikulo, kaya chiperoni, mwera kapena bata. Mukatero miyezi itatu, chaka chamawa simudzafunsanso mnzanu chifukwa chimene usipa wakwerera. Mudzakhala mutaoda kale.