Ululu Wosatherapo: Musangopirira

Mu sewero lathu tinamva za mayi amene chinena chinamupweteka miyezi isanu. Ankangogula panado pagolosale n'kumapita kumunda. Apongozi ake ankati, "Mkazi amapirira." Pokambirana, amayi ambiri anafunsa kuti: kodi anamwino angachitepo chiyani?

Ululu wosatherapo ndi wotani?

Ndi ululu umene wapitirira miyezi itatu. Ungayambe chifukwa cha nyamakazi, kusenza katundu wolemera, kapena kuwonongeka kwa mitsempha, monga moto wa m'mapazi umene ena odwala shuga kapena a HIV amamva. Nthawi zina ndi khansa. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imagwira amayi ambiri m'Malawi muno, choncho ululu wa m'chinena wobwera ndi magazi kapena chikazi chonunkha si wodikira nawo.

Namwino amauyeza bwanji?

Ululu ulibe sikelo. Namwino amadalira mau anu. Mukapita ku chipatala cha Embangweni kapena cha boma ku Mzimba, adzakufunsani: Pakupweteka ndi pati? Munayamba liti? Mukumva kubaya, kutentha kapena kupota? Mukugona tulo? Mukutha kutunga madzi?

Akhozanso kukuuzani kuti muonetse ndi dzanja. Nkhonya ndiye kuti palibe ululu, chala chimodzi ndi pang'ono, zala zisanu ndi ululu woopsa. Fotokozani m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, mmene mungamasukire. Musachepetse chifukwa cha manyazi.

Chithandizo chake

Mu 1986 bungwe la WHO linakonza makwerero atatu a mankhwala. Poyamba ndi panado kapena brufen. Akalephera amapereka amphamvu pang'ono, monga codeine. Ululu ukakula amapereka morphine wakumwa. Kupatsidwa morphine sindiye kuti munthu ali pafupi kufa ayi. Amaumitsa m'mimba, ndiye amaperekanso mankhwala ofewetsa chimbudzi.

Kumbukirani izi:

1. Imwani mankhwala pa nthawi imene mwauzidwa, osadikira kuti ululu ubwerere.
2. Munthu wamkulu asapitirire mapilitsi 8 a panado wa 500 mg pa tsiku.
3. Amayi oyembekezera ndi odwala zilonda za m'mimba asamwe brufen kapena asipirini popanda malangizo a kuchipatala.
4. Bwererani pa tsiku limene mwalemberedwa m'buku lanu, mukanene ngati zala zija zachepa.

Kambiranani: Kodi kwanu kuli munthu amene akubisa ululu? Ndani angamuperekeze ku chipatala sabata ino?