Ulendo wokaona mbalame ku Gorongosa

Tambala asanalire, galimoto lathu linanyamuka pa msasa wa Chitengo ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala. Ndinali pamodzi ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, aliyense atakolowekera m'khosi magalasi oonera patali. Za njovu ndi mikango analibe nazo ntchito. Iwo anadzera mbalame basi.

M'chigwa, pafupi ndi nyanja ya Urema, mnyamata wotiperekeza anatisonyeza nkhwazi, akakowa ndi anang'omba. Ankazizindikira pongomva kulira kwake, luso lomwe anaphunzira ali mwana posaka ndi legeni. Lero amadyera lomwelo.

M'mawa mwake tinakwera phiri la Gorongosa, lotalika mamita 1863. M'nkhalango yowirira ya pamwambapo mumakhala mbalame yachikasu ya mutu wobiriwira. Kumwera kwa Zambezi siipezeka kwina kulikonse. Titaiona, agogo ena aakazi anagwetsa misozi.

Koma nkhwangwa ndi moto zikudya nkhalangoyo, ngakhale boma linaika pamwamba pa phirilo m'malo otetezedwa mu 2010. Mitengo ikatha, mbalameyo idzasowa, alendo adzaleka kubwera, ndipo mnyamata uja adzabwerera ku legeni.

Abale anga a ku Angónia ndi ku Tsangano, nanga m'mapiri athu mwatsala mitengo ingati?