Mwana wachira malungo aakulu, koma m'kalasi zikukanika: kodi azaumoyo tingachitepo chiyani?

Mwana akatuluka m'chipatala atachira malungo aakulu, mitima ya onse imakhala pansi. Makolo amathokoza, adokotala amalemba m'kabuku kake kuti wachira, ndipo pabedi pake pamagona wodwala wina. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, mwana yemwe uja amapezeka akubwereza Sitandade 2, sakugwira zimene aphunzitsi anena, mwinanso akumenya anzake popanda chifukwa. Apa n'kuti aliyense ataiwala za malungo aja. Kunyumba akuti ndi mwano, kusukulu akuti ndi ulesi, ndipo kuchipatala sabweranso chifukwa thupi silikutentha.

Kafukufuku amene anachitika pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaunika nkhani imeneyi, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Lancet Neurology mu 2010. Dr Gretchen Birbeck ndi anzake, mwa iwo Prof Malcolm Molyneux ndi Prof Terrie Taylor, anatsatira ana 132 amene anapulumuka ku malungo okhudza ubongo, n'kuwafananitsa ndi ana ena 264 amene anagonekedwa pa chipatala chomwecho koma sanakomoke. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse opulumukawo anadzapezeka ndi vuto: khunyu, ulumali umene analibe kale, kapena kusintha kwa khalidwe monga kusakhazikika ndi ukali. Ana 12 anayamba kudwala khunyu, pomwe pa gulu linalo panalibe ndi mmodzi yemwe. Chofunika kuchigwira kwa ife ndi chakuti ena mwa mavutowa sanaoneke pa tsiku lotuluka m'chipatala. Anadzaonekera patapita miyezi, mwana ali kale kumudzi.

Tsono mwana wotere amamuona ndani? Sikelo imatha mwana akakwanitsa zaka 5, ndipo Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6. Kuyambira pamenepo amakhala m'manja mwa mphunzitsi amene nthawi zambiri ali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi, ndipo kabuku ka kuchipatala ka mwanayo sanakaonepo. Mbiri ya thanzi lake imatsalira m'thumba la mayi ake. Mlangizi wa zaumoyo kapena munthu wodzipereka wa m'mudzi ndi amene amafika konsekonse, pakhomo, kusukulu ndi kuchipatala, choncho ndi iye amene angalumikize mbali zitatuzi.

Mawu akuti "mwana wovutika kuphunzira" si dzina la nthenda imodzi, ndipo kulakwitsa kofala ndi kuthamangira kunena kuti mwana ali ndi vuto m'mutu tisanaone zinthu zapafupi. Yambani ndi makutu. Mwana amene wakhala akutuluka mafinya m'khutu kwa nthawi yaitali amatha kumva bwino mukamalankhula naye muli awiri, koma m'kalasi yaphokoso, atakhala kumbuyo, amangomva zidutswa za mawu. Imani kumbuyo kwake, patali ngati kutalika kwa mkono wanu, mutseke khutu limodzi, munong'one mawu odziwika kuti abwereze, kenaka muyese khutu linalo. Funsani makolo ngati amafunika kumuitana kawiri kapena katatu. Maso nawonso chimodzimodzi: mwana amene amatsinzinira poyang'ana pa bolodi, kapena amene amangokopera m'kope la mnzake, ayezedwe ndi tchati cha chilembo cha E. Ana achialubino pafupifupi onse amaona movutikira, ndipo ambiri amaonedwa ngati ofooka m'kalasi chonsecho vuto ndi pamene anawakhazika.

Khunyu nayo simabwera ndi kugwa ndi kuphupha nthawi zonse. Pali mtundu wina umene mwana amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, osayankha, kenaka n'kupitiriza zimene amachita ngati palibe chachitika. Izi zikhoza kuchitika kambirimbiri pa tsiku, ndipo mphunzitsi amangoti mwanayu maganizo ake amakhala kwina. Komanso mankhwala a phenobarbitone, amene ana ambiri odwala khunyu amalandira m'zipatala zathu zazing'ono, amatha kugonetsa mwana kapena kumupangitsa kukhala wosakhazikika. Mukaona izi musauze makolo kuti asiye mankhwala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kukomoka koopsa. Abwerere kwa adokotala akaunikenso mlingo kapena mtundu wa mankhwalawo.

Njala, kuchepa kwa magazi, likodzo ndi njoka za m'mimba mukuzidziwa kale, ndipo zonsezi zimafooketsa mwana m'kalasi. Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha. Pofunsa mbiri musaiwale kubadwa: kodi analira atangobadwa, anabadwa masiku asanakwane, anachita chikasu, anadwalapo nthenda youmitsa khosi?

Zonsezi zikachotsedwa, pamatsala ana a magulu awiri amene anthu amawasokoneza kawirikawiri. Gulu loyamba ndi la ana amene nzeru zawo zikukula mochedwa pa chilichonse. Anachedwa kukhala, kuyenda ndi kulankhula, ndipo ngakhale pakhomo amavutika kuvala okha kapena kukumbukira zimene awatuma. Kwa ana aang'ono pali chida choyezera kakulidwe chimene chinapangidwa konkuno ndi Dr Melissa Gladstone ndi anzake, chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, chimene chimaona kayendedwe, kagwiritsidwe ntchito ka manja, kulankhula ndi kakhalidwe ndi anthu pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa.

Gulu lachiwiri ndi lovuta kulizindikira. Mwanayu ndi wochangamuka. Mukamutuma kugolosale amabwera ndi chenje chokwanira, bawo amasewera bwino, nthano amafotokoza mosaphonya, koma akatsegula buku zilembo sizilumikizana kukhala mawu. Vuto limeneli madokotala amalitcha dyslexia. Silichokera ku maso kapena ku kuchepa nzeru, koma ku mmene ubongo umagwirizanitsira chilembo ndi liwu lake, ndipo nthawi zambiri limayenda m'banja. Kusokoneza b ndi d mu Sitandade 1 si chizindikiro, ana ambiri amatero. Chodetsa nkhawa ndi mwana amene wafika Sitandade 3, amapita kusukulu mosajomba, koma akulepherabe kuphatikiza maphatikizo monga ba ndi mbo kukhala "bambo". Popeza Chichewa chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira, ena mwa anawa amakwanitsa kuwerenga ndithu, kungoti pang'onopang'ono kwambiri, ndipo amadutsa osadziwika mpaka Sitandade 5 pamene maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Pamenepo ndi pomwe amagwa, ndipo ena amasiyira sukulu pomwepo. Palinso ana amene vuto lawo ndi masamu okha, ndi ena amene sangathe kukhazikika pa chinthu chimodzi ngakhale atafunitsitsa.

Pa dyslexia palibe piritsi kapena jakisoni, ndipo palibe kuyeza magazi kumene kungaionetse. Izi muziwauza makolo mosabisa, chifukwa akapanda kumva kwa inu amawononga ndalama kufunafuna mankhwala, kapena kuyamba kulozana zala kuti wina analodza mwana. Chimene chimathandiza ndi kuphunzitsa maliwu ndi maphatikizo mobwerezabwereza, pang'ono tsiku lililonse, ndipo kuyamba msanga kumapindula kuposa kudikira. Kubwereza kalasi kokha, mwana akuphunzitsidwa m'njira yomweyo imene inakanika chaka chatha, kawirikawiri kumangomuchotsa chidwi.

Mukapita kusukulu, pitani makolo atavomera, ndipo ndi bwino kupita nawo limodzi. Mphunzitsi safunika mbiri yonse ya m'kabuku. Ngati mwana ali ndi kachilombo ka HIV, nkhani imeneyo ndi ya banja, si yanu kuti muiulule. Chimene mphunzitsi akufuna ndi zinthu zimene angachite mawa lomwe popanda ndalama: kumukhazika mwanayo kutsogolo, khutu lomva bwino litaloza kwa mphunzitsi, kumuuza chochita chimodzi pa nthawi imodzi, kumufunsa mafunso pakamwa ngati kulemba kukumuchedwetsa, kumupatsa mnzake wodekha wokhala naye pafupi, ndi kusamuimika kuti awerenge mokweza anzake akuseka. Chikwapu ndi mayina onyoza monga "mbuli" sizinaphunzitsepo mwana kuwerenga. Ngati mwanayo amagwa khunyu, phunzitsani kalasi yonse kuti nthendayi sipatsirana kudzera m'malovu kapena mpweya woipa monga ambiri amakhulupirira, kuti asamuike supuni kapena chala m'kamwa, amugoneke chammbali, ndipo kuphupha kukapitirira mphindi 5 athamangire naye kuchipatala.

Aphunzitsi a maphunziro apadera alipo, ngakhale ndi ochepa. Ambiri amaphunzira pa koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo ena amakhala m'sukulu zimene zili ndi chipinda chapadera chothandizira ana a ulumali. Mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa maphunziro wa m'zoni akhoza kukuuzani kumene kuli wapafupi. Bungwe la MANEB limakonza mayeso a zilembo zikuluzikulu ndi a Braille, koma sukulu iyenera kunena za mwanayo pa nthawi yolembetsa mayeso, osati sabata yolemba.

Chovuta kwambiri ndi kalata yotumiza mwana ku chipatala chachikulu. Ofufuza atatsatira ana 150 a ku Thyolo amene anatumizidwa ku Queen Elizabeth chifukwa cha mavuto a makutu, anapeza kuti 5 okha ndi amene anapita. Zotsatirazi zinatuluka mu 2017. Makolo anatchula kutalika kwa mtunda, ndalama yoyendera ndi yodyera m'njira, mantha ndi chipatala chachikulu chimene sanafikeko, komanso kusamvetsa kuti akukatani kumeneko. Choncho polemba kalata, auzeni tsiku limene kiliniki imakhalapo, khomo limene akalowere, ndi zimene akayembekezere. Funsani ngati ambulansi ya boma ingawatenge ikamapita ndi odwala ena, kapena ngati akatswiri a makutu ndi maso ali ndi tsiku lobwera pa chipatala cha m'boma lanu. Lembani dzina la mwanayo m'kaundula wanu, ndipo pakatha milungu iwiri mudutse pakhomopo mukafunse ngati anapita.