Waya wa Magiya Uli ndi Njira Yake

Ana inu, kodi kwanu kuli njinga? Kuno ku Mualadzi njinga ndi zambiri. Njinga imanyamula cimanga kupita ku cigayo. Imanyamula fodya, makala ndi nkhuku. Munthu akadwala usiku, njinga ndiyo imamufikitsa ku cipatala.

Njinga zambiri za kuno ndi zakuda ndi zolemera. Zili ndi giya imodzi basi. Koma zilipo zina zopepuka, za matayala opyapyala. Ciwongolero cake ndi copindika ngati nyanga za nkhosa. Njinga zimenezi zili ndi magiya ambiri. Yanga ndi yotero. Ndinaigula ili yakale kale, nditangoyamba nchito ya uphunzitsi.

Lero tiphunzira za waya wa magiya. Werengani tsamba ili pamodzi ndi atate, amayi kapena acimwene anu. Ngati njinga yotere ilipo pafupi, khalani pambali pake.

Yambani ndi gudumu la kumbuyo. Pakati pake pali timagudumu ta mano, tosanjikizana ngati mbale. Kena ndi kakang'ono, kena ndi kakakulu. Tiwerengeni ndi cala. Pa njinga yanga tilipo 7. Nanga pa yanu tilipo tingati?

Cheni ikakhala pa kagudumu kakang'ono, njinga imathamanga, koma kupalasa kumalimba. Cheni ikakwera pa kagudumu kakakulu, kupalasa kumafewa. Pamenepo munthu amakwera citunda osatsika pa njinga.

Kodi amasuntha cheni ndani? Pansi pa timagudumu tija pali kamkono kacitsulo. M'Cipwitikizi dzina lake ndi desviador. Kamkono kameneka kamakankha cheni uku ndi uku. Koma sikayenda kokha ayi. Kamakokedwa ndi waya. M'Cipwitikizi wayayo ndi cabo.

Woyendetsa njinga amakankha kacitsulo kosinthira magiya. Pa njinga zina kacitsuloka kali pa ciwongolero, pa zina kali pa felemu. Akakakankha, waya umakoka kamkono, cheni n'kukwera. Akakabweza, waya umamasuka. Mkati mwa kamkono muli sipuling'i imene imakabwezera pamalo pake, cheni n'kutsika.

Mwaona? Waya umadziwa kukoka basi. Sudziwa kukankha. Uli ngati cingwe ca cidebe pa citsime. Cingwe cikakodwa pa mwala, cidebe sicikwera bwino, sicitsikanso bwino.

Tsopano tiyeni tiyende ndi wayawu. Ikani cala pamene wayambira. Ngati wayambira pa ciwongolero, poyamba simuuona. Wabisala m'kapaipi kakuda kofewa. Kapaipi kameneka ndiko kamathandiza waya kukhota popanda kuthyoka. Nzeru imeneyi ndi yakale. Munthu wina dzina lake Ernest Bowden anailembetsa ku England m'caka ca 1896.

Kapaipi kamathera pa kamphako ka pa felemu. Waya umatuluka, n'kutsika wamaliseece m'mbali mwa citsulo cacikulu ca felemu. Umafika pansi penipeni, pamene pamazungulira mapedulo. Pamenepo pali kapulasitiki kokhala ndi timisewu tiwiri. Kamsewu kamodzi ndi ka waya wa kumbuyo. Kena ndi ka waya wa kutsogolo, umene umasuntha cheni pa magudumu a mano a pafupi ndi mapedulo. Dzanja lamanja limayendetsa waya wa kumbuyo. Dzanja lamanzere limayendetsa wa kutsogolo.

Waya wa kumbuyo ukacoka pa kapulasitiki, umatsata citsulo copita ku gudumu la kumbuyo. Umalowanso m'kapaipi kena kafupi kopindika ngati uta. Pomaliza umagwidwa ndi kabawuti ka pa kamkono kaja. Ulendo wa waya wathera pamenepo.

Ine ndinaphunzira njira imeneyi movutika. Waya wanga wakale unaduka, ndipo ndinagula wina. Ndinauika ndekha madzulo, kuli cisisira, ndili pacangu. M'mawa ndinanyamuka ulendo wa ku sukulu, mabuku anu ali pa kaliyala. Nditafika pa citunda, ndinakankha kacitsulo. Kanali kolimba ngati kamangidwa. Cheni inangolira kuti kwere kwere kwere, osakwera. Ndinatsika n'kuyamba kukankha njinga. Ndinafika belu litalira kale, thukuta lili kamukamu.

Nditabwerera kunyumba ndinapsa mtima. Ndinatenga mwala kuti ndimenye kamkono. Agogo a m'nyumba yoyandikana nane anandiona. Anati, "Aphunzitsi, mbuzi ikakana kuyenda, mumayamba mwaona cingwe." Ndinataya mwala uja. Ndinagadamiza njinga, matayala m'mwamba. Ndipo ndinaona. Waya sunali m'kamsewu kake. Unadutsa pambali pa kapulasitiki, n'kumakhula pa citsulo. Utoto unali utapalika kale. Kamkono kanalibe mlandu. Wolakwa ndinali ine.

Kucokera tsiku limenelo, magiya akavuta sindiyamba ndi sipanala. Ndimayamba ndi maso ndi cala. Makolo, inunso citani cimodzimodzi. Gadamizani njinga pa mphasa yakutha kapena pa thumba, kuti cishalo cisapalike. Tsatani waya kuyambira poyambira mpaka pothera.

Onani pansi pa mapedulo poyamba, cifukwa ndi pamene pamabisala mavuto ambiri. Kodi waya uliwonse uli m'kamsewu kake? Kodi mawaya awiriwo sanapiringizane? Kodi matope sanaumirepo? M'nyengo ya dzinja matope amadzaza pamenepa. M'cilimwe pamadzaza fumbi. Tengani kamtengo ndi kansanza, mucotse zonse.

Onaninso katundu amene mwamanga. Anthu ambiri amamanga pampu, khasu kapena thumba pa felemu ndi mphira. Mphirayo imapana waya pamodzi ndi citsulo. Waya wopanidwa sungayende. Vuto limeneli ndi losavuta kuposa onse, koma limapusitsa ngakhale akuluakulu.

Kenaka onani timapaipi. Mutu wa kapaipi uyenera kulowa bwinobwino m'kamphako kake. Ukakhala kunja, waya umakhwepa, ndipo cheni siikwera. Kapaipi kakathyoka kapena kung'ambika, madzi amalowa, waya n'kucita dzimbiri. Kapaipi kotero ndi kofunika kusintha. Ngati kali bwino, pukutani waya, mudonthezere mafuta a makina pang'ono. Musathire mafuta ophikira. Amamata akakhalitsa, ndipo fumbi limakakamira.

Kapaipi ka kutsogolo kasakhale kakafupi. Khotetsani ciwongolero kumanja mpaka pomaliza. Cikhotetseninso kumanzere. Ngati kapaipi kakukungika, ndiye kuti kacepa. Njinga yotero imasintha giya yokha pa gulaye. Kakatalikanso kwambiri, kamakodwa m'tchire.

Tsopano tafika pa kabawuti ka kumapeto. Apa pafunika maso akuthwa, ndipo ana inu mumaona bwino kuposa ife. Pansi pa kabawuti pali kamzere kozokotedwa pa citsulo. Waya uyenera kugona m'kamzere kameneka. Ukadutsa mbali inayo ya bawuti, kamkono kamayenda mopitirira kapena mopelewera. Cheni imadumpha magiya, kapena imaima pakati n'kumalira. Anthu ambiri amagula kamkono katsopano cifukwa ca kamzere kameneka. Ndalama zimapita pacabe.

Pomanga waya citani motere. Tsitsani cheni ifike pa kagudumu kakang'ono kwambiri. Bwezani kacitsulo kosinthira mpaka pomaliza, kuti waya umasuke wonse. Gonekani waya m'kamzere, muukoke ndi dzanja kuti uwongoke, ndiye mumange bawuti. Mabawuti ambiri otere amafuna kiyi wa makona 6, wa mamilimita 5. Musakoke ngati mukukoka ng'ombe. Kungoti waya usalendewere.

Mukatero, imikani njinga. Mangani cingwe ku cishalo, muikoloweke pa nthambi ya mango kuti gudumu la kumbuyo licoke pansi. Wamkulu azungulize mapedulo ndi dzanja, n'kumasintha magiya. Mwana aime pambali, aziwerenga mokweza pamene cheni ikukwera: 1, 2, 3, 4. Cheni ikadumpha, mwana anene kuti, "Atate, yadumpha!"

Koma ana inu, mverani bwino apa. Gudumu likamazungulira, manja anu akhale kumbuyo. Cheni ndi masipoko zimaluma zala. Nchito yanu ndi ya maso ndi pakamwa basi.

Nanga cheni ikamacedwa kukwera pa kagudumu kakakulu? Ndiye kuti waya wakhwepa pang'ono. Pamene kapaipi kopindika kalowera m'kamkono pali kanthu kozungulira kopotokola ndi zala. Kapotokoleni ngati mukutsegula botolo, theka la mzungulo lokha. Yesaninso. Ngati sizinakwane, onjezerani theka lina. Cheni ikamacedwa kutsika, ndiye kuti waya wakungika kwambiri, kapena wagwidwa ndi dzimbiri. Potokolani ngati mukutseka botolo. Zikakanika, bwererani ku timapaipi.

Waya watsopano umakhwepa pakapita masiku ocepa. Musadabwe, ndipo musanene kuti anakugulitsani wacinyengo. Ingopotokolani kanthu kaja.

Pa kamkono palinso timasikuluwu tiwiri. Pa njinga zambiri kamodzi kalembedwa H, kena L. Ana a kalasi yoyamba, pezani zilembo zimenezi! Timasikuluwu timeneti ndi malire a kamkono. Timaletsa cheni kugwera kunja kapena kulowa m'masipoko. Ngati njinga inkasintha bwino waya usanavute, musatikhudze. Ka L kakamasuka, kamkono kakhoza kulowa m'masipoko njinga ikuyenda. Gudumu limaima mwadzidzidzi, ndipo munthu amagwa pamodzi ndi mwana amene wamunyamula.

Pali cinanso coopsa. Waya wa magiya ndi waya wa mabuleki amafanana, koma si amodzi. Wa magiya ndi woonda, kunenepa kwake kumangopitirira pang'ono milimita imodzi. Wa mabuleki ndi wonenepa, pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Timapaipi tawo ndi tosiyananso. Kapaipi ka magiya kakaikidwa pa mabuleki, kakhoza kuphulika munthu akamanga buleki mwamphamvu. Tangoganizani zitacitika pa mtsetse, mu msewu waukulu wopita ku Cassacatiza, magalimoto a katundu akubwera. Pogula nenani momveka kuti mukufuna wa magiya kapena wa mabuleki. Ndi bwino kunyamula waya wakale, wogulitsa auone.

Musadule waya musanamalize nchito yonse. Ambiri amathamangira kudula, kenaka waya n'kupelewera. Zonse zikakhala bwino, siyani kamcira kotalika ngati zala ziwiri kucokera pa bawuti. Dulani ndi pulayala yakuthwa. Waya umapangidwa ndi timawaya tambiri topotedwa pamodzi ngati cingwe ca khonje. Ukasiyidwa wosaphimba, umamasuka ngati tsache, ndipo umabaya. Uvekeni kacipewa kacitsulo, mukapane ndi pulayala. Kacipewa kakasowa, ine ndimakulunga ulusi n'kudonthezerapo guluu.

Mukaona timawaya tina taduka, makamaka pafupi ndi kacitsulo kosinthira kapena pa bawuti, waya umenewo watopa. Usintheni musanapite ulendo wautali. Ukadukira pa njira, sipuling'i imabwezera cheni pa kagudumu kakang'ono, ndipo zitunda zonse mudzakwera mukukankha.

Mawa ndibwera ndi njinga yanga m'kalasi. Tidzaigadamiza panja, pa mthunzi. Aliyense adzatsata waya ndi cala, gudumu lili ciimire. Amene adzayambe kupeza kapulasitiki ka timisewu tiwiri, ndiye adzatiwerengere magiya.