Mlangizi wa ana ayambe ndi kumvetsera

M'madrasa a m'mbali mwa nyanja timawadziwa ana osinza m'kalasi chifukwa chochezera padoko kudikira usipa. Mlangizi woteteza ana akayamba n'kumupanikiza mwana wotere ndi mafunso pagulu, iye amangozyolika, chomudya mumtima osachitchula.

Mtumiki Muhammad (SAW) anapeza Abu Umayr, mng'ono wa Anas, ali ndwii, kambalame kake katafa. Sanachichepse chisonicho, anamuyankhula mwansangala, namufunsa za kambalameko.

Alangizi athu atengerepo: kukhala pansi ndi mwana pambali, kumudikira akakhala chete, kumusungira chinsinsi. Koma akaulula kuti akuzunzidwa, kapena akukakamizidwa ukwati asanakwane zaka 18, zimenezo n'zosabisa. Mlangizi ayambe wamuuza mwanayo kumene nkhaniyo ikupita, ndi amene akaimve.